Cheke cha Malemu Teofilo

Vintar, 17 Januwale 1994

Okondedwa Alamu anga a Sioning,

Ndikhulupirira muli bwino ku Hawaii kumeneko pamodzi ndi mwana wanu Lorna, mkamwini ndi adzukulu. Ife kuno tili bwino pang'ono. Amayi miyendo yatupanso, ndipo masiku ano akukana chilichonse kupatula phala la mpunga. Dzulo anandiyitana katatu ndi dzina lanu, ine n'kumangovomera, nanga ndikanatani. Adyo wa chaka chino wabereka, koma mtengo umene ogula a ku Manila akutchula ndi wonyoza.

Cheke cha penshoni ya malemu achimwene a Teofilo ndakatenga ku Laoag monga mwa nthawi zonse, ndipo mankhwala a Amayi ndagula. Sindiiwala kuti boma limapereka chekecho kwa inu monga mkazi wawo wamasiye, ndipo kuti munatisiyira ife mwa kufuna kwanu pamene munkanyamuka. Mulungu akudalitseni. Koma ndikukumbutseni, Malichi ali pafupi, mwezi wanu wobadwa. Musaiwale kupita ku ofesi ya kazembe wathu ku Honolulu kukalumbira chikalata chija cha chaka ndi chaka, chonena kuti muli moyo ndipo simunakwatiwenso. Chikachedwa, a ku ofesi ya penshoni amaimitsa cheke osafunsa n'komwe. Chaka chatha munajambulitsa mutavala diresi lamaluwa, ndipo kalaliki wa ku Laoag anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Chaka chino valani lakuda, silikulumani.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa. A Benigna a kuseri kwa tchalitchi anabwera kuchokera kumeneko pa Khirisimasi, atanyamula makatoni awo ndi pakamwa pawo pomwe. Akuuza aliyense kuti anakuonani pamsika wa Loweruka ku Waipahu mukugulitsa masamba a chammwamba limodzi ndi mwamuna wina wadazi, ati mukuseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinawayankha kuti alamu anga amaseka ndi aliyense. Koma chenjerani, Alamu. Amuna okalamba amanunkhiza penshoni ya mkazi wamasiye ngati mphaka pa nsomba zouma. Musamuuze munthuyo za cheke.

Mundiyankhe msanga kuti mtima wanga ukhale m'malo.

Ine mlamu wanu,
Eufemia

Waipahu, 6 Febuluwale 1994

Pemia wanga,

Moni kwa iwe ndi kwa Amayi. Uziwaika miyendo pa pilo masana, ndipo mchere uchepetse ngakhale atakutukwana. Ife kuno tili bwino, adzukulu akukula ngati nthochi.

Kalata yako yandiseketsa mpaka Lorna anathamanga kuchokera kukhitchini kudzaona ngati ndatsamwa. Benigna maso ake akadali akuthwa. Wadaziyo alipo ndithu. Dzina lake ndi Ponciano Tumaneng, kwawo ndi ku Bangui, ndipo anabwera kuno ali mnyamata kudzadula nzimbe. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, mkazi wake anamwalira kalekale, mano ake ambiri ndi ogula. Ndinamudziwa chifukwa ndinkathyola chammwamba chake chimene chinawolokera mpanda, iye n'kundigwira. Anati, "Mayi, ngati mukuba, bwerani mudzabe mkati muno, kunjako mugwa." Chiyambire tsiku limenelo timagulitsa limodzi.

Za cheke usade nkhawa. Ndinamuuza, ndipo atasintha ndalamazo kukhala madola anandifunsa ngati ndi za pa mwezi kapena za pa tsiku. Iye ali ndi penshoni yakeyake ya ku nzimbe, nyumba yake ndi galimoto yokhosomola. Mphaka ameneyu ngwokhuta.

Koma pali china, ndipo ndikufuna uchimve kwa ine, osati kwa Benigna. Ponciano wandifunsira ukwati. Anabwera kwa Lorna atavala jekete kunja kukutentha chonchi, thukuta lili kamukamu, kudzapempha mwana kuti amupatse mayi ake. Ine ndavomera. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, ndakhala wamasiye zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikukuuza mosabisa kuti ndine wokondwa. Ndinali nditaiwala kuti mwamuna amatha kumufunsa mkazi ngati watopa.

Chikalata cha Malichi ndachikumbukira. Ndikudziwanso zimene mzere wake wachiwiri umafunsa, zoti kodi ndakwatiwanso. Tikambirane ngati akuluakulu mmene iwe ndi Amayi muzikhalira cheke chikaima, chifukwa sindikutayani. Diresi lakuda lija ndinadula n'kusokera zidzukulu zikwama za mabuku.

Mlamu wako,
Sioning

Vintar, 24 Febuluwale 1994

Alamu,

Moni nonse. Kalata yanu ndawerenga kawiri, kachiwiri nditakhala pansi. Amayi sindinawauze, mtima wawo sungapirire.

Sindikukuletsani kusangalala. Ndine ndani ine? Koma mwaganiza bwino? Mukangolembetsa ukwati ku boma, cheke chatha, ndipo sichidzabweranso ngakhale wadazi wanuyo atamwalira mawa lake. Pa msinkhu umenewo munthu amagona bwinobwino osadzuka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, Alamu. Achimwene anayenda m'minda ya anthu zaka makumi atatu monga mlangizi wa boma, dzuwa likuwawotcha, kuti banja lino lisadzapemphe. Inu mukufuna kubwezera thukuta lawo ku boma chifukwa cha mwamuna wa mano ogula.

Ndafunsafunsa mwakachetechete, ndipo njira ilipo. Amasiye ambiri akuchita choncho, kuno ndi kunja komwe. Mkazi wa malemu aphunzitsi a Rabago ali ku California ndi mwamuna chaka chachisanu tsopano, ndipo cheke chake chikubwerabe. Ingolowanani. Samukirani kwa munthuyo, muzimuphikira, muziseka mmene mungafunire, koma pepala musasaine. Ngati chikumbumtima chikukuvutani, pezani wansembe wokalamba akudalitseni kuseri kwa guwa popanda kulemba m'buku. Ku Hawaii ndi kutali, akuoneni ndani? Benigna ndimutseka pakamwa ndine. Pa Malichi mukaimike dzanja, munene kuti simunakwatiwe, ndipo pa pepala chidzakhala choona.

Mwati simutitaya. Ndikumva. Koma lero muli ndi mphamvu zothyola chammwamba, nanga mawa bondo likakana? Boma silidwala bondo. Ndapota nanu, ganizirani Amayi. Inu munawasambitsa zaka khumi, mukudziwa mmene alili.

Ndalemberanso Lorna kuti akulankhuleni.

Eufemia

Waipahu, 20 Malichi 1994

Azakhali,

Moni, pepani ndikulemba mothamanga, ndili pa nthawi yopuma kuntchito ku hotela. Kalata yanu ndinalandira ndipo ndinayesa. Ndinadikira tsiku limene Amayi anali osangalala, ndinawagulira mango, n'kuwawerengera maganizo anu ongolowana aja. Anasiya kusenda mangowo, anandiyang'ana, kenako anati, "Bwerezanso." Nditabwereza analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Kuyambira pamenepo akundiyankha ndi mutu wokha.

Tsiku lawo lobadwa lapita ndipo ku ofesi ya kazembe sanapite. Ndinapempha tchuthi kuti ndiwaperekeze, iwo anati ali ndi ntchito yothirira mabiringanya kwa a Ponciano. Mwina akuganizabe, mwina kuchedwaku ndi chizindikiro chabwino. Inu musawalemberenso kaye, mukuwadziwa akauma khosi.

Kunena zoona a Ponciano ndi munthu wabwino. Iwo eni anati zonse ziwiri ali nazo bwino, pepala kapena popanda pepala, bola Amayi azibwera kudzawakalipira. Ndiye vuto si iwo. Chimene chawakwiyitsa Amayi chonchi sindikuchidziwa. Ngati inu mukuchidziwa mundiuze.

Mupsompsone Agogo m'malo mwanga.

Lorna

Waipahu, 9 Epulo 1994

Eufemia,

Moni. Ndikhulupirira Amayi akupeza bwino. Ndachedwa kuyankha dala, chifukwa ndikanalemba tsiku limene kalata yako inafika, pepala likanapsa.

Lorna akuganiza kuti ndikusinkhasinkha. Sindikusinkhasinkha kanthu. Sindinapite kukalumbira pa Malichi chifukwa sindikanatha kuimika dzanja kuti ndine wamasiye, chikwati chili m'njira, kuti ndidyenso chaka china mwachinyengo. Ndidzapita kamodzi kokha, nditakwatiwa.

Iwe Pemia, iwe weniweni, ukundiuza kuti ndikalowane ndi mwamuna popanda pepala? Tiye tinene zimene m'banja mwanu simunena. Achimwene ako amene ukuti ankapsa ndi dzuwa m'minda ya anthu aja, Lachisanu lililonse dzuwalo linkawawotchera m'nyumba ya malata obiriwira kuseri kwa msika wa ku Laoag. Zaka makumi awiri. Mkazi wa m'nyumbamo dzina lake ukulidziwa, ana ake awiri unawasokera mayunifolomu pa makina anga. Amayi ankadziwa, wansembe ankadziwa, woyendetsa jipi yonyamula anthu ankadziwa, ndipo ankandichotsera mtengo chifukwa cha chisoni. Ine ndinkasita malaya a Lachisanu ndi manja angawa. Ndikadandaula munkati, "Pirira, Sioning, iwe ndiwe wa pepala, uyo ndi wamseri chabe." Pa maliro a Teofilo mkaziyo munamuimika kunja kwa mpanda, pa dzuwa, ndi ana ake, ndipo palibe anamupatsa ngakhale madzi. Ine ndinamuona. Ndinadana naye moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinachita manyazi.

Ndiye lero, pepala limene munkati ndi ulemu wanga mukuti ndilitaye, ndikakhale wamseri ineyo, ndi imvi zangazi, kuti ndalama za Teofilo zizibwerabe. Ali moyo ndinamubisira manyazi ake. Atamwalira ndizimubisiranso chimwemwe changa? Ayi. Ndinanama kokwanira chifukwa cha mwamuna ameneyo. Ndikalowa m'nyumba ya Ponciano ndidzalowera khomo lakumaso, masana, belu la tchalitchi likulira, Benigna atakhala pa benchi yoyamba ngati akufuna.

Ukuti amasiye ambiri akuchita choncho. Achite, sindikuwaweruza, aliyense akudziwa pamene nsapato ikumuluma. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene wamva m'mimba pano ndine.

Lorna sadziwa za nyumba ya malata obiriwira. Anali kamwana pamene zinkayamba, ndipo ndinamusiya azikonda bambo ake. Usamuuze.

Ukwati uliko pa 14 Meyi. Ukanakhala pafupi ukanandigwirira maluwa, ukulira ndi mkwiyo.

Sioning

Waipahu, 29 Meyi 1994

Pemia,

Moni kwa iwe ndi Amayi. Sunandiyankhe, ndiye ndikuganiza kuti mwina kalata inasochera, mwina wakwiya. Ndikudziwa kuti positi ya ku Vintar siisocheretsa makalata.

Ukwati unachitika. Ndinavala diresi la mtundu wa chikasu, Ponciano anavala jekete lija, ndipo mphete inakana kulowa chifukwa chala changa chinatupa ndi kutentha, mpaka wansembe anathandiza kukankha. Anzake a ku nzimbe anaotcha nkhumba yathunthu. Tinavina, anthu akutipachika madola pa zovala monga timachitira kwathu, ndipo nkhalamba ina inandipachika tikiti ya basi. Ndinaseka mpaka misozi. Koma pamene ankandipachika ndalamazo ndinakukumbukira, ndipo ndinamva kuwawa.

Lachiwiri lapitali ndinapita ku ofesi ya kazembe. Kalaliki wake ndi mtsikana wa ku Pangasinan, amandidziwa. Anatulutsa chikalata n'kuyamba kulemba yekha mwachizolowezi. Ndinati, "Mwanawe, dikira, mzere wachiwiriwo ulembe kuti inde." Anaika cholembera pansi. Anayang'ana kukhomo, n'kunong'ona kuti, "Agogo, mukudziwa kuti mukatero penshoni iima? Ine sindinamve kanthu, mukhoza kunenanso." Ndinati, "Wamva bwinobwino. Ndakwatiwa, mwamuna wanga ndi uyo wakhala apoyo akuwodzera. Lemba zilembo zikuluzikulu kuti a ku Manila asavutike kufuna magalasi." Ndinaimika dzanja, ndinalumbira, ndinasaina dzina langa latsopano.

Ndiye cheke chiima, mwina cha Juni chikhala chomaliza. M'kalata muno ndaikamo pepala la ndalama za pa positi, ukasinthe pa Vintar pompo. Ndi za chammwamba, mabiringanya ndi nyemba zanga, osati za Ponciano, osati za Lorna. Zizibwera mwezi uliwonse. Bondo langa likadzakana tidzaona pamenepo, pakali pano likuvina.

Undiuze za miyendo ya Amayi.

Consolacion Tumaneng
(koma kwa iwe ndikadali Sioning)

Vintar, 11 Julayi 1994

Mayi Tumaneng,

Moni. Amayi ali moyo, miyendo ili chimodzimodzi. Mapepala anu awiri a ndalama, la Meyi ndi la Juni, ndawabweza m'kalata muno. Ife a Bumanglag sitinayambe tadya za chifundo. Ndayamba kusankha fodya kwa a Agcaoili m'mawa, Amayi ndimawasiya ndi mkazi wa woyandikana nafe. Msana ukuwawa koma mankhwala ndikugula.

Zimene munalemba za achimwene ndi zoona, sindikana. Mayunifolomu ndinasoka. Anali ana, analibe mlandu. Koma popeza mwatsegula nkhokwe, nanenso nditulutse zanga.

Inu mwakwatiwa kawiri. Ine ndi kamodzi komwe ayi. Mukumukumbukira Isabelo, wokonza mawailesi uja? Anandidikira zaka zinayi. Bambo atamwalira, achimwene anati, "Pemia akachoka, Amayi atsala ndi ndani?" Inu munali pomwepo, mukuyamwitsa Lorna, ndipo simunanene kanthu. Isabelo anapita ku Guam. Ine ndinatsala, ndipo ndikadali pano, ndikutaya mikodzo ya munthu amene amanditchula dzina lanu.

Mukuganiza kuti ndikulirira ndalama zokha. Ndikuuzeni chimene mwandilanda. Tsiku la cheke ndinkadzuka m'mamawa, ndinkavala nsapato zachikopa ndi ndolo za Amayi, n'kukwera jipi ya ku Laoag ndekha. Pa windo ndinkatulutsa kalata imene munandisainira, kalaliki n'kunena kuti, "Mayi Bumanglag, mwabwera." Ankandipatsa mpando. Ndikasintha cheke ndinkalowa m'lesitilanti ya pafupi ndi tchalitchi chachikulu, n'kuitanitsa mbale ya supu ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, wina n'kundiperekera, wina n'kutsuka mbaleyo. Ndinkakhala ola lathunthu popanda wondiitana. Tsiku limodzi pa mwezi ndinali munthu wokhala ndi kopita. Mwezi uno tsikulo linafika, ndinadzuka, ndinagwira nsapato, kenako ndinakumbukira.

Ndiye musanditumizire za pa positi ya pa Vintar, pamene aliyense adzadziwa kuti Pemia akudyetsedwa ndi mlamu amene anachoka m'banja. Inu mwalowera khomo lakumaso. Zikomo. Ena tilibe khomo lililonse.

Eufemia Bumanglag

Waipahu, 2 Ogasiti 1994

Pemia,

Moni, mwana wa apongozi anga, wouma khosi ngati njati ya m'matope. Amayi uwapatse moni, uwauze kuti ndi Sioning weniweni.

Kalata yako ndinaiwerengera m'munda, ndipo ndinalira pakati pa mabiringanya mpaka Ponciano anatseka madzi n'kukakhala m'galimoto. Za Isabelo ukunena zoona. Ndinali pomwepo ndipo ndinatseka pakamwa, chifukwa ndinkaopa kuti ukachoka mtolo wonse ugwera ine. Pa chimenecho ndinalakwa, ndipo ndikupempha undikhululukire. Ndinakhala nawe nyumba imodzi zaka zonsezo osadziwa za mbale ya supu ija. Ndachita manyazi.

Koma za ukwati wanga sindipepesa, lero kapena mawa. Ukanakhala iwe utapeza wadazi wako, ndikanakukankhira m'tchalitchi ndi manja awiri, cheke chipite kumene chikupita. Tonse awiri anatisunga m'nyumba ija ngati mbuzi zapachingwe, iwe chifukwa cha Amayi, ine chifukwa cha pepala. Ine chingwe ndadula. Sindibwerera pa chikhomo kuti iwe usakhale wekha pamenepo.

Tsono tamvera. Ndalama zimene wabweza ndazikana, ndazitumizanso, pamodzi ndi za Julayi. Koma pa positi ya pa Vintar sizidzafikanso. Ndazitumiza ku banki ya ku Laoag, ndipo zizifika kumeneko mwezi ndi mwezi m'dzina la Eufemia Bumanglag. Palibe kalata yanga yoti uonetse pa windo, palibe dzina la Teofilo, palibe wina angazitenge koma iwe, ndi nkhope yako. Si zachifundo. Amayi ndi mtolo wa tonse awiri, iwe ukusenza ndi msana, ine ndisenza ndi chammwamba. Ukakana, ndiye kuti ukundiuza kuti zaka khumi zimene ndinawasambitsa sizinandipange mwana wawo, ndipo zimenezo ubwere udzandiuze pamaso.

Ukafuna kuzibweza, uyenera kuvala nsapato, kukwera jipi, kukafika ku Laoag, kukaima pa windo ndi kusaina kuti ukuzikana. Popeza udzakhala wafika kale, udye supu. Mwezi wotsatira ndidzatumizanso, iwe udzapitenso kukazikana. Ine ndili ndi munda, mwamuna wondithirira ndi mkwiyo wa zaka makumi atatu. Tiona amene ayambe kutopa.

Mlamu wako mpaka m'manda, ufune usafune,
Sioning